Mmene mungayendetsere Dungeons & Dragons koyamba

Ngati munasewerapo gemu ya pakompyuta kapena pafoni imene munthu wanu amataya manambala a moyo akamenyedwa, n'kumakwera levulo akagonjetsa adani, ndiye kuti malamulo a Dungeons & Dragons mukuwadziwa kale pang'ono. Awa ndi masewera a patebulo, ofotokozerana nkhani ndi kuponya madayisi. Anawalemba ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo anatuluka mu 1974 kudzera ku kampani ya TSR ya ku Lake Geneva, Wisconsin. Zogawa anthu kukhala wankhondo, wamatsenga ndi wansembe zinafalikira kuchokera patebulo limeneli, kudutsira mu gemu ya Final Fantasy ya 1987 mpaka gemu ya Baldur's Gate 3 ya 2023, imene inamangidwa pa malamulo a D&D enieniwo.

Kuti muyambe, pezani anthu anayi kapena asanu. Mmodzi akhale Dungeon Master, amene amafotokoza malo, kulankhulira adani ndi kuweruza. Enawo aliyense ayendetse munthu mmodzi wa m'nkhaniyo. Akapitirira asanu ndi mmodzi, ena amadikira nthawi yawo mpaka kutopa n'kuyamba kugwira foni. Malamulo oyambira otchedwa Basic Rules, a kampani yosindikiza masewerawa ya Wizards of the Coast, amapezeka ulere pa intaneti. Muwonjezere mapepala, mapensulo ndi chofufutira, chifukwa manambala amasinthasintha.

Nkhani ili pa madayisi. Pamafunika a mbali 4, 6, 8, 10, 12 ndi 20, koma amene amagwira ntchito kwambiri ndi wa 20. Akasowa, dulani timapepala 20 tofanana, mulembepo 1 mpaka 20, muike m'kapu. Mukatola kamodzi, kabwezeni ndipo mugwedeze musanatolenso, apo ayi mwayi umasokonekera. Musayese kulowetsa m'malo mwake madayisi atatu a ludo: amenewo amangopereka 3 mpaka 18, ndipo amakonda kugwera pa 10 ndi 11, choncho zovuta zimasanduka pafupifupi zosatheka pomwe zosavuta sizilephereka kawirikawiri.

Munthu aliyense wa m'nkhani ali ndi mbali zisanu ndi chimodzi: mphamvu, changu, kulimba kwa thupi, nzeru, kuzindikira ndi chikoka. Gawani manambala awa mmene mukufunira: 15, 14, 13, 12, 10 ndi 8. Nambala ya 15 kapena 14 imawonjezera 2 pa zimene dayisi wapereka, 13 kapena 12 imawonjezera 1, 10 siwonjezera kanthu, 8 imachotsa 1. Pa ntchito imene munthuyo anaiphunzira, wa levulo yoyamba amawonjezeranso 2.

Wosewera akati, "Ndikufuna kukwera khomalo," Dungeon Master amasankha nambala yoti ifikiridwe: 10 ngati n'zosavuta, 15 zapakati, 20 zovuta. Dayisi kuphatikiza zowonjezera zikafika pamenepo, zatheka.

Apa ndi pamene oyamba kumene amalakwitsa kwambiri. Amaponyetsa dayisi pa chilichonse, ngakhale kutsegula chitseko chosakiya. Ponyetsani pokhapokha kulephera kuli ndi zotsatira zake. Ndipo chinthu chimene nkhani yonse yatsamirapo, monga kalata yoloza kumene mwana wobedwa wabisidwa, musachibise kuseri kwa dayisi. Akaponya 3 nkhani imaima, anthu n'kumangoyang'anana. Aipeze basi kalatayo, koma wolepherayo aipeze mlonda atamva kale mgugu wake.

Pa nkhondo chenjerani. Wamatsenga wa levulo yoyamba amayamba ndi manambala a moyo 6 kuphatikiza zowonjezera za kulimba kwa thupi. Kachilombo kotchedwa goblin, m'malamulo a 2014, kali ndi moyo 7, kamafuna 15 kuti mukamenye, ndipo lupanga lake limachotsa dayisi wa mbali 6 kuphatikiza 2. Kakamenya kawiri, nthawi zambiri wamatsenga wagwa. Tinayi totere tikhoza kumaliza gulu la anthu anayi usiku woyamba womwewo. Ikani tiwiri kapena titatu, ndipo kamodzi kakafa, totsalato tithawe.

Musalembe nkhani yaitali, chifukwa osewera sadzatsata njira imene mwawakonzera. Tsamba limodzi likwana: mudzi umodzi, anthu atatu okhala ndi mayina ndi zofuna zawo, ndi phanga la zipinda zisanu. Zimenezi zimatenga pafupifupi maola atatu. Levulo yachiwiri imafuna mapointi 300, koma mukhoza kungowakweza onse akatuluka m'phangamo, osavutika n'kuwerengera.