Mmene mungasankhire mapoto ndi ziwaya zokhalitsa pakhomo

Musanapite kumsika kukagula poto, yambani mwaganizira moto umene mumaphikira masiku onse, chifukwa poto amene amachita bwino pa chitofu cha magetsi si yemwe angapirire malawi a nkhuni pa mafuwa. Mabanja ena m'tauni amaphika pa magetsi pamene alipo, ndipo akazima amayatsa mbaula ya makala, motero poto wa pakhomo lotere ayenera kukhala wotha kusamukira pamoto wina uliwonse. Zogwirira zapulasitiki zimasungunuka pa mbaula, ndipo chivundikiro chagalasi, ngakhale chimakongola, sichichedwa kusweka pamene khitchini ili panja. Ngati makala kapena nkhuni ndiwo moto wanu, sankhani poto wachitsulo chokhachokha kuyambira pansi mpaka pa zogwirira.

Chinthu chachikulu kuposa zonse ndi kukhuthala kwa pansi pa poto. Poto wopyapyala amatentha msanga pamalo amodzi pamene lawi likugunda, ndipo phala limapserera pansi pomwe pamwamba lisanapse, kotero nsima imatuluka ndi fungo la utsi, nkhoko yake n'kukhala yakuda ndi yowawa. Poto wokhuthala amafalitsa kutentha mofanana, amasunga moto ngakhale makala atayamba kuzilala, ndipo sagwedera pamene mukuvundula nsima ndi mthiko. Mukakhala pamalo ogulitsira, munyamuleni m'manja kuti mumve kulemera kwake, kenako dinikizani pansi pake ndi chala chachikulu. Akabonyoka n'kubwerera ndi kaphokoso, msiyeni. Muikeninso pathebulo losalala, ndipo ngati akupendama, dziwani kuti pa chitofu cha magetsi adzangokudyerani mayunitsi chifukwa sadzagona bwino pa mbale yotenthayo. Ine ndimaona kuti mapoto atatu olemera amaposa seti ya mapoto khumi onyezimira amene amapindika chaka chisanathe.

Zogwirira muziyang'ane mosamala. Zomangidwa ndi misomali yokhomerera yodutsa mpaka mkati zimalimba kuposa zongomatidwa kunja, ndipo ngati zili ndi sikuluwu, onetsetsani kuti ndi yoti mungathe kuimanga ikakhwepa. Chivundikiro chikhale chokwana bwino pakamwa pa poto, pakuti nyemba zophikidwa m'poto wotulutsa nthunzi zimatha makala ambiri zisanafewe.

Mapoto ambiri m'misika yathu ndi a aluminiyamu, ndipo ali ndi ubwino wake: ndi otsika mtengo, sachita dzimbiri, ndiponso amalandira moto mwachangu. Vuto lawo ndi lakuti sagwirizana ndi zakudya zowawasa monga matimati ambiri kapena chidede, komanso soda ndi chidulo zimene timathira m'therere zimawadetsa mkati ndi kuwadya pang'onopang'ono mpaka kuoneka timaenje. Chakudya chotere chisagone m'poto wa aluminiyamu. Pali nkhani ina yofunika kuisamala kwambiri yokhudza mapoto olemera amene amisiri amaumba posungunula zitsulo zakale. Mapoto amenewa ndi okhuthala ndipo amaphika nsima bwino zedi, koma kafukufuku amene anachitika ku Cameroon ndi m'maiko ena anapeza kuti ena mwa iwo amatulutsa mtovu m'chakudya, makamaka akapangidwa kuchokera ku zidutswa za injini ndi ziwiya zina za galimoto. Mtovu umawononga ubongo wa ana aang'ono, ndipo suoneka ndi maso kapena kumveka pakamwa. Choncho funsani mmisiriyo kumene amatenga zitsulo zake, ndipo phala la mwana muziphika m'poto wina wochokera kufakitale.

Mapoto a chitsulo chosachita dzimbiri, amene m'sitolo amalembedwa kuti stainless steel, ndiwo oyenera ndiwo za matimati, therere ndi mkaka, chifukwa sasintha kukoma kwa chakudya. Mukaona manambala 18/10 pansi pake, akutanthauza kuti m'chitsulocho anasakanizamo zitsulo zina ziwiri, magawo 18 a chromium ndi 10 a nickel pa 100 aliwonse, ndipo chimenecho ndi chitsulo chabwino. Komabe chitsulochi pachokha sichifalitsa bwino kutentha, n'chifukwa chake muyenera kusankha amene pansi pake anamatapo chimbale chokhuthala.

Pa chiwaya, chachitsulo chakuda cholemera sichinapezebe chochiposa pokazinga mandasi, zitumbuwa, chambo kapena mtedza, popeza mafuta sazizira msanga mukaponyamo zokazingazo. Chimangofuna kuumitsidwa pamoto mukachitsuka ndi kupakidwa timafuta kuti dzimbiri lisalowe. Ziwaya zokutidwa ndi Teflon, utoto woletsa chakudya kumata, n'zabwino pokazinga mazira pamoto wochepa, koma utoto wakewo umayamba kuwonongeka kutentha kukapitirira madigiri 260 a Celsius, zomwe zimachitika mosavuta pa makala oyaka bwino, ndipo supuni yachitsulo kapena sitiliwulo imaukanda. Chikayamba kusupuka, nthawi yake yatha.

Mphika wadothi usanyozedwe, pakuti nyemba, nkhwani wotendera ndi nsomba zouma zimapsa mofatsa mmenemo ndi kukoma kumene chitsulo sichipereka. Pogula, ugogodeni ndi chala: wootchedwa bwino umalira momveka, pamene wamng'alu umamveka mogonthera. Musanayambe kuphikiramo ndiwo, wiritsanimo phala la madeya kuti timabowo ta dothi titsekeke.

Kukula kwa poto kuyenderane ndi anthu a pakhomo panu, ndipo wa nsima akhale wotsala ndi malo pamwamba kuti phala likamabwadamuka lisakutayikireni pamanja. Kwa banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, yambani ndi poto wamkulu wa nsima, awiri apakati a ndiwo ndi chiwaya chimodzi, ndipo ena muziwonjezera mmodzimmodzi pamene ndalama yapezeka.