Masekondi 37 omwe ankasokoneza makina athu ku Kanengo

Pa fakitale yathu ku Kanengo, makina akaima mwadzidzidzi timadalira rekodi ya ma PLC (timakompyuta toyendetsa makina) kuti tidziwe chomwe chinayamba kuvuta. Koma rekodiyo inkasokoneza ndondomeko: inkaonetsa alamu ikulira mota itaima kale, pomwe tonse tinamva alamu poyamba.

Nditafananiza mawotchi, ndinapeza kuti ma PLC atsopano ali patsogolo ndi masekondi 37 ndendende. Nambala imeneyi ndinaizindikira. Atsopanowo amalandira nthawi kudzera pa PTP, muyezo wa IEEE 1588 wogwirizanitsira mawotchi pa netiweki, womwe umawerenga nthawi ya TAI (nthawi ya mawotchi a atomu), pomwe ma PLC akale ndi seva ya SCADA (yoyang'anira makina onse) amadalira NTP, njira ina yogwirizanitsira mawotchi, yotsata UTC (nthawi yomwe dziko lonse limayendera). Chiyambire Januwale 2017, TAI ili patsogolo pa UTC ndi masekondi 37, ndipo wotchi yathu yaikulu ya GPS sinkalengeza kusiyanaku ku ma PLC atsopanowo.

Ndinakonza zimenezo pa wotchiyo, kenako ndinaika kuti rekodi zonse zizilembedwa mu UTC. Maola awiri omwe nthawi yathu ya kuno ili patsogolo pa UTC amawonjezedwa pa sikirini pokha. Wotchiyo ndinailumikizanso ku UPS (batire yosungira magetsi), poti magetsi akathima imatenga kanthawi kuti ipezenso masetilaiti.