Malangizo: Kusandutsa Thanki ya Nsomba Kukhala Nyumba ya Njoka Yoweta

Welengani malangizo onse musanagwile galasi. Thanki ya nsomba anaipangila kusunga madzi, ndipo madzi sakankha civundikilo. Njoka imakankha, usiku wonse, mpaka itapeza pofooka. Nchito yaikulu ili pamwamba pa thanki ndi pa kutentha. Zotsalazo n'zosavuta.

Njoka zoyenela thanki yotele

Malangizo awa ni a njoka zazing'ono zopanda ululu: corn snake ya ku America, imene imafika mita 1.2 mpaka 1.5, ball python ya kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndi brown house snake, yofiilila ija imasaka makoswe pafupi ndi nyumba. Mphili, mamba ndi njoka iliyonse yaululu isalowe mu thanki yotsegukila pamwamba, cifukwa dzanja lanu limalowela pomwe mutu wake uli. Nsato ya kuno kwathu nayonso ayi. Ikakula ingapitilile mamita 4.

Musatole njoka kuthengo. Lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 limaika nyama zakuthengo m'manja mwa Boma, conco yambani mwafunsa za cilolezo ku Department of National Parks and Wildlife, imene likulu lake lili ku Chilanga. Mitundu yonse ya nsato, pamodzi ndi ball python, ili pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anila malonda a nyama zakuthengo. Wogulitsa akuonetseni mapepala ake musanalipile.

Kukula kwa thanki

Njoka izitha kudzitambasula. Thanki ya masentimita 120 m'litali, 45 m'lifupi ndi 45 msinkhu, ya malita pafupifupi 240, ndiyo yocepetsetsa kwa njoka yaikulu mwa mitundu itatuyi. Ya masentimita 60 ikwana mwana wa njoka kwa miyezi cabe. Thanki yothonya madzi ingagwile nchito bwinobwino, koma yong'aluka galasi itayeni.

Kutsuka

Cotsani miyala, mcenga, pampu ndi cotenthetsela madzi. Cotenthetsela ca nsomba cikayaka popanda madzi cimaphulika, musayese kucigwilitsa nchito. Zoyela zokakamila pagalasi zimacoka ndi viniga. Tsukuluzani ndi madzi ambili, kenako pukutani ndi Jik wosungunula, kapu imodzi mu makapu 10 a madzi. Musasakanize Jik ndi viniga, mpweya wotuluka pamenepo ni wakupha. Dettol ndi mankhwala onunkhila paini amavulaza njoka. Tsukuluzaninso, muumike mpaka fungo lonse lithe.

Ngati mufuna kumata pena pake, gulani silikoni ya mathanki a nsomba. Ya m'bafa imakhala ndi mankhwala opha nkhungu. Dikilani maola 48 kapena kupitilila, mpaka fungo lowawasa litasiya kumveka.

Civundikilo

Civundikilo ca pulasitiki cimene cinabwela ndi thanki cicotseni. Cili ndi mabowo a mapaipi, ndipo n'copepuka. Pangani felemu ya aluminiyamu kapena ya thabwa louma yokwana ndendende pamilomo ya thanki, mukhomelepo waya wa sefa wa mabowo ang'onoang'ono. Waya wa khola la nkhuku sufunika: mabowo ake ni aakulu, ndipo umanyula mphuno ya njoka ikamadzikhuza pofuna potulukila. Nsonga zonse za waya zipindikile kunja.

Mangani civundikilo ndi makilipu acitsulo, awili kutsogolo ndi awili kumbuyo, ndipo pa thanki ya masentimita 120 onjezelani imodzi mbali iliyonse. Anthu ambili amangosanjikapo njelwa kapena mabuku. Musatelo. Njelwa imalemela pakati, njoka imatulukila pakona. Mukamanga, kankhani kona iliyonse ndi cala kucokela pansi. Pakatseguka mpata woti pensulo n'kulowa, mwana wa corn snake adutsa. Pamene mutu wadutsa, thupi lonse litsatila. Yang'ananinso pomwe padutsa nthambo ya thermostat (kacipangizo kolamulila kutentha), pamenepo ndiye poiwalika.

Tepu yomata isapezeke mkati, ngakhale kacidutswa. Ikamata njoka imasenda mamba pamodzi ndi khungu.

Njoka ya mneba ikaoneka pa yadi, anthu safunsa ngati ili ndi ululu, amathamangila ndodo ndi miyala. Makilipu amenewa amateteza moyo wa njoka yanu ndi mtendele wanu ndi aneba. Ngati panyumba pali ana, ikaniponso loko.

Kutentha

Njoka sidzipangila kutentha m'thupi. Imasamuka pakati pa pofunda ndi pozizila, conco thanki ikhale ndi mbali ziwili. Ikani kamphasa kotenthetsa ka malaiti kunja, pansi pa galasi, mbali imodzi cabe, kosapitilila gawo limodzi mwa magawo atatu a pansi. Kwezani thanki pang'ono ndi timiyendo ta labala kuti mphepo izidutsa, apo ayi kutentha kuunjikana galasi n'kusweka.

Kamphasa kasayake popanda thermostat. Kopanda thermostat kangatenthe mopitilila, ndipo njoka sithawa msanga, imagona pomwepo mpaka mimba kupsa. Kwa corn snake ndi house snake, mbali yofunda ikhale madigili 28 mpaka 30, yozizila 22 mpaka 24. Kwa ball python, yofunda 31 mpaka 32, yozizila 25 mpaka 27. Pimani ndi thermometer pansi pomwe njoka igona, osati pamwamba pa khoma.

Musaike thanki pawindo. Dzuwa la mu October likalowa pagalasi, mkati mumatentha ngati motoka yotsekedwa, ndipo njoka ilibe kothawila. Mu June ndi July vuto ni lina: usiku ku Lusaka kumazizila mpaka pansi pa madigili 10, ndipo galasi silisunga kutentha. Matani makatoni kapena thovu la m'mabokosi a firiji kunja kwa mbali zitatu. Izi zimathandizanso njoka kukhala mosatekeseka, cifukwa galasi loonekela mbali zonse limaiopsa. Malaiti akapita, fundikani bulangeti, kusiya kampata ka mpweya, ndipo tsamilitsani botolo la madzi ofunda lokulunga m'thaulo kunja kwa galasi. Mbaula isalowe m'cipindamo. Njoka ikazizidwa musaidyetse, cakudya cimaola m'mimba.

Za mkati

Pansi yalani manyuzipepala kapena makoko a kokonati ogula. Utuci wa paini wa ku makina oceka matabwa ulibe mtengo, koma mafuta ake amadwalitsa njoka m'mapapo. Ikani mobisala muwili, kofunda ndi kozizila. Kamphika kadothi kovundikila, koboola khomo ndi kusalaza m'mphepete, kamakwana bwino. Njoka imakonda mothina, momwe thupi likhudza makoma. Mbale ya madzi ikhale yolemela yosagubuduzika, mbali yozizila.

Waya wa pamwamba umatulutsa cinyontho msanga. Ball python imafuna cinyontho ca 55 mpaka 70 pelesenti, conco phimbani theka la waya ndi pepala la pulasitiki kunja kwake. Khungu likamafunduka zidutswazidutswa m'malo mocoka lathunthu, mkati mwauma kwambili.

Musanaike njoka

Yatsani zonse, thanki ikhale yopanda kanthu masiku atatu, mukupima kutentha m'mawa, masana ndi usiku. Mukaika njoka, isiyeni sabata yathunthu osaigwila, osaidyetsa. Pambuyo pake ipatseni mbewa zoweta zosungidwa mu firiji, zosungunulidwa bwino. Mbewa zokumba kumunda ndi makoswe a m'nyumba angakhale ndi njoka za m'mimba kapena poizoni wa makoswe. Sambani m'manja ndi sopo nthawi zonse mukagwila njoka kapena ziwiya zake, cifukwa zimanyamula tuzilombo twa salmonella, ndipo mbale yake musaitsukile pamodzi ndi mbale za kukhichini.