Momwe mungadziwire ndi radar ya setilaiti ngati nyumba yakale ikutitimira

Tchalitchi chachikulu cha Katolika ku Mexico City anayamba kuchimanga mu 1573, padongo lofewa pomwe kale panali nyanja ya Texcoco. Anthu akamapopa madzi apansi, dongolo limaphwa, tchalitchi nkumatitimira, mbali ina kuposa inzake. Ndi malo abwino ophunzirirapo InSAR, njira yoyezera kuyenda kwa nthaka poyerekeza zithunzi za radar zojambulidwa masiku osiyana, chifukwa kumeneko nthaka sichita kubisa.

Yambani ndi kutsegula akaunti ya NASA Earthdata, kenako lowani pa Vertex, tsamba la Alaska Satellite Facility. Zithunzi za Sentinel-1, setilaiti ya ku Ulaya yomwe yoyamba inakwezedwa mu 2014, ndi zaulere. Jambulani kabokosi pamapu kuzungulira tchalitchicho, musankhe zithunzi za mtundu wa SLC, womwe ndi umene InSAR imagwiritsa ntchito.

Apa mpofunika kudekha. Zithunzi ziwiri zomwe mukuyerekeza zikhale zojambulidwa setilaiti ili panjira imodzimodzi, ndipo imabwerera panjirayo pakatha masiku 12. Mukasakaniza njira, palibe chituluke. Chithunzi chimodzi chimadya ma GB angapo, ndiye musaotche bandulo pachabe: tumizani ntchitoyo ku HyP3, patsamba lomwelo, makompyuta awo akuwerengereni. Amene intaneti sawerengera angakopere pulogalamu ya SNAP, yaulerenso, nkudzipangira okha.

Chobwera ndi chithunzi cha mizere yonga utawaleza. Mitundu ikazungulira kamodzi, kuchoka pa kufiira kufikanso pa kufiira, ndiye kuti nthaka yasuntha moyandikira kapena motalikira setilaiti pafupifupi masentimita 2.8, theka la kutalika kwa funde la radar. Mizere ikathithikana chakumbali imodzi ya nyumba, ikani maso pamenepo. Kutsika pamodzi sikuphwanya khoma. Chimang'amba ndi kutsika mosiyana.

Koma musakhulupirire zithunzi ziwiri zokha. Chinyezi cha mumlengalenga chimachedwetsa funde, nkujambula mizere pomwe nthaka sinagwedezeke nkomwe. Tengani zithunzi makumi awiri kapena kuposa, za miyezi yosiyana, musankhenso thanthwe lokhazikika loti muziyezerapo zonse. Dziwaninso kuti radar imayang'ana chammbali, motero kuyenda kolowera kumpoto kapena kummwera siikuona bwino.

Miyala, makoma ndi malata zimabweza funde mokhulupirika. Masamba ndi udzu, ayi. Wofuna kuyesa kwathu kuno, monga ku Chongoni ku Dedza komwe UNESCO inazindikira zojambula za pamiyala mu 2006, asankhe zithunzi za chilimwe, thengo litayoyoka, ndipo adalire matanthwe oonekera.

Kenako nyamukani mukafike pamalopo. Pezani mng'alu kumbali yomwe mizere inaloza, muike chizindikiro mbali zonse ziwiri, muyeze mpatawo ndi rula, mulembe tsiku. Mubwerenso mvula ikatha ndi rula yomweyo.