Momwe mungapangire imelo ya HTML kuti isasokonekere mu Outlook yakale ndi yatsopano

Mwakonza kalata ya nkhani za bungwe lanu: chizindikiro pamwamba, zithunzi ziwiri zoyandikana, batani lofiira pansi. Pa foni zikuoneka bwino. Koma abwana akatsegula mu Outlook, pulogalamu ya imelo ya Microsoft, pa kompyuta ya ku ofesi, apeza chithunzi chimodzi chatsikira pansi pa chinzake, batani lija latsala mawu okha. Zimapweteka, makamaka mutachezera usiku mukukonza.

Gwero la vutoli ndi chaka cha 2007. Kufikira Outlook 2003, imelo ya HTML (chilankhulo chopangira masamba a pa intaneti) inkaonetsedwa ndi Internet Explorer, pulogalamu yotsegulira mawebusayiti. Kuyambira Outlook 2007 ya pa Windows, Microsoft inapereka ntchitoyi kwa Word, pulogalamu yolembera makalata ija, ndipo Word malamulo ambiri a CSS, amene amanena za maonekedwe a tsamba, sawamva. Outlook 2010, 2013, 2016 ndi 2019 zinatsatira njira yomweyo. Mu 2024 Outlook yatsopano inatsegulidwa kwa aliyense, ndipo iyo imaonetsa imelo monga Outlook.com imachitira pa intaneti. Yakale sinachoke ayi, Microsoft inati ipitiriza kuisamalira mpaka 2029 kapena kupitirira apo. Choncho imelo yanu imodzi ikukagwa m'manja mwa mapulogalamu awiri a dzina limodzi koma makhalidwe osiyana. Langizo langa ndi loti muyambe kukonzera yakaleyo, chifukwa chimene Word yachimva, kawirikawiri enanso amachimva.

Choyamba, mangani imelo yonse ndi matebulo. Ikani table imodzi yotambalala mapikiselo 600, ndipo chigawo chilichonse chikhale mu td (kabokosi ka m'tebulo) yakeyake. Mukafuna zinthu ziwiri zoyandikana, pangani td ziwiri mu mzere umodzi. Musadalire div, float kapena flexbox, njira zoyalira zinthu pa webusayiti, Word imangozidutsa. Mpata pakati pa zinthu muupange ndi padding (mpata wa mkati) pa td, chifukwa margin (mpata wa kunja) imakonda kunyalanyazidwa. Amene mwazolowera kupanga mawebusayiti mudzaona ngati mukubwerera m'mbuyo, koma pirirani, apa ndi pamene pagona ntchito yonse.

Kenako lembani CSS pa chinthu chilichonse mwachindunji, mkati mwa style yake. Sankhani zilembo zopezeka pa kompyuta iliyonse monga Arial kapena Georgia. Outlook yakale ikapeza font imene siidziwa, kawirikawiri imathamangira ku Times New Roman.

Pa zithunzi m'pofunika kudekha. Outlook imatseka zithunzi mpaka wowerenga atalola yekha kuti zioneke, ndiye tsiku la msonkhano, malo ndi mtengo musazilembe m'chithunzi. Zilembeni ngati mawu enieni, ndipo chithunzi chilichonse chikhale ndi alt yofotokoza zomwe chili. Kukula kwake kulembeni mu width ya HTML, apo ayi chithunzi chachikulu chidzatambasula imelo yonse. Chithunzi chakumbuyo kwa mawu Word sichionetsa pokhapokha mutagwiritsa VML, chilankhulo chakale cha Microsoft chojambulira zithunzi, imene ndi yovuta. Ine ndimangoika mtundu ndi bgcolor basi. GIF yoyenda, Outlook 2007 mpaka 2016 imaonetsa chithunzi choyamba chokha, choncho uthenga wonse ukhale pamenepo. Muchepetsenso kulemera kwa zithunzi, poti ambiri kuno amatsegula imelo ndi bandulo yogula ndi ndalama za m'thumba.

Batani lipangeni ndi td yopaka mtundu, mkati mwake muike link ya mawu. Ngodya zozungulira za border-radius Outlook yakale sizionetsa, batani lidzakhala la ngodya zinayi. Palibe cholakwika, bola likudinika.

Ngati pali china chimene mukufuna kuuza Outlook yakale yokha, chiikeni pakati pa <!--[if mso]> ndi <![endif]-->. Outlook yatsopano siwerenga zimenezi, choncho musabisemo chinthu chimene owerenga onse ayenera kuona. Kumbukiraninso dark mode, pamene skirini imakhala yakuda kumbuyo kwa mawu: chizindikiro cha zilembo zakuda chopanda kumbuyo chimazimirira mumdima, ndiye chizungulizeni ndi kamzere koyera. Ndipo HTML yonse isapitirire 102KB, chifukwa Gmail imadula imelo yoposa pamenepo, link yosiyira kulandira makalata n'kubisika nayo.

Musanatumize kwa anthu, dzitumizireni nokha. Tsegulani mu Outlook yakale zithunzi zili zotseka, kenako zitsegulidwe. Dinani kabatani ka pamwamba kudzanja lamanja kosinthira ku Outlook yatsopano muonenso. Yesani mu Thunderbird, mu Apple Mail ngati mnzanu ali ndi Mac, ndi mu Gmail ya pa foni. Ngati Outlook yakale mulibe, pemphani mnzanu wa ku ofesi imene ikuigwiritsabe kuti atsegule ndi kukujambulirani skirini atumize pa WhatsApp.