Malangizo a jakisoni wa denosumab: ntchito yake, kasungidwe ndi tsiku lobaya

Pepalali ndi la odwala ndi owasamalira, makamaka a ku Chipata ndi Katete amene akukhala kwa abale ku Dedza ndi Ntcheu. Denosumab ndi mankhwala oteteza mafupa ofooka kuti asathyoke. Prolia ndi dzina la malonda la denosumab wa 60 mg mu mililita imodzi, wothiridwa kale m'sirinji. Amabayidwa pansi pa khungu, pantchafu, pamimba kapena kumtunda kwa mkono, kamodzi pa miyezi 6.

Fupa limakumbidwa ndi kumangidwanso moyo wonse. Amene amakumba ndi maselo otchedwa osteoclast, ndipo amachokera ku maselo oyera a magazi, ma monocyte, omwenso amatiteteza ku matenda. Akalandira chizindikiro chotchedwa RANKL, angapo amalumikizana n'kukhala selo imodzi yaikulu. Imamatira pafupa, imatulutsa asidi, n'kulidya ngati chiswe mumtanda wa denga: kunja kuli bwinobwino, mkati mwatha.

RANKL amapangidwa ndi maselo a m'fupa, komanso ndi ma T cell, mtundu wina wa maselo oyera a magazi, akadzutsidwa ndi kutupa. Mu nyamakazi yotupitsa zala mbali zonse ziwiri, ma T cell amatulutsa chizindikiro cha kutupa chotchedwa IL-17, maselo ena oteteza thupi otchedwa macrophage amatulutsa china chotchedwa TNF, ndipo zonsezi zimachulukitsa RANKL. N'chifukwa chake m'mphepete mwa mfundo mumadyeka. Thupi lili ndi chotchinga chake, OPG, amene amagwira RANKL asanafike pa maselo osanduka okumba aja. Ma B cell, amenenso ndi maselo oyera a magazi, amapangako OPG. Mayi akasiya kusamba, kapena munthu akamwa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, miyezi yambiri, OPG amachepa mphamvu poyerekeza ndi RANKL. Denosumab amagwira ntchito ya OPG yomweyo. Dziwani kuti sachiza kutupako, amangoteteza fupa, choncho mankhwala a nyamakazi musasiye.

Musanabayitse, yezetsani kashiamu m'magazi ndi impso. Maselo okumba akaima, kashiamu wochokera m'mafupa amachepa m'magazi, ndipo wodwala impso ndiye ali pangozi kwambiri. Dzanzi kuzungulira kamwa, kunyerenyetsa m'zala, minofu kukokana kapena kukomoka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Tsiku lililonse pamafunika kashiamu 1,000 mg ndi vitamini D wosachepera 400 IU. Usipa, matemba ndi kapenta zodya ndi minga yomwe zimathandiza, bonongwenso, koma sizilowa m'malo mwa mapiritsi amene adokotala alemba. Dzino lofunika kuzula lizulidwe musanayambe, chifukwa bala la m'nsagwada nthawi zina limakana kupola. Woyembekezera asabayitse, ndipo mimba idikire miyezi 5 kuchokera pa jakisoni womaliza. Amene akulandira jakisoni wa Xgeva, amenenso ndi denosumab, asawonjezere Prolia: ndi mankhwala amodzi.

Sungani m'firiji pa madigiri 2 mpaka 8, m'bokosi lake, kutali ndi malo oundanitsa. Akaundana, tayani. Pobwera nawo pa minibasi kuchokera ku Lilongwe, ikani m'bokosi loziziritsa (kula bokosi), mutakulunga ndi kathaulo kuti asakhudzane ndi ayezi. Magetsi akathima musade nkhawa msanga: mankhwalawa amapirira masiku 30 kunja kwa firiji, bola kutentha kusapitirire madigiri 25. Mu June ku Dedza zimenezi n'zosavuta, koma mu October m'nyumba ya malata ku Bwanje kapena Golomoti musayerekeze. Lembani pabokosi tsiku limene atuluka m'firiji.

Pobaya, tulutsani sirinji ikhale mphindi 15 mpaka 30 kuti isiye kuzizira. Musaiwothetse moto, musaikhutchumule. Madzi ake akhale oyera kapena achikasu pang'ono, osati ambuu.

Cholakwika chachikulu chimene timaona ndi kudumpha tsiku. Mankhwalawa samatirira m'fupa. Miyezi 6 ikatha mphamvu yake imazilala, maselo amene anali kudikira amasanduka okumba nthawi imodzi, ndipo fupa limadyeka mofulumira kuposa poyamba. Ena amathyoka mafupa angapo a msana motsatizana, mwina pongotula thumba la mbatata pa Lizulu. Choncho musayambe jakisoni woyamba ngati simukudziwa kumene wachiwiri adzachokere ndi ndalama yake. Tsikulo lilembedwe m'buku la kuchipatala, ndipo ngati mudzakhala mutabwerera kwanu kudzera pa Mwami, konzanitu kiliniki yokabayira. Kuchedwa kusapitirire mwezi umodzi. Ngati kusiya kuli kofunika, adokotala amakusinthirani ku mankhwala ena oteteza mafupa, alendronate wa 70 mg pa sabata kapena zoledronate wa m'mtsempha.

Ululu watsopano pantchafu kapena m'mphechepeche, ndiponso khungu lofiira, lotentha ndi lotupa pamwendo, kauzeni adokotala osadikira tsiku la jakisoni.