Momwe mungalembere mbiri ya ligi ya rugby league ya kuno ku Gauteng

Amalawi ambiri okhala ku Joni akamva mawu akuti rugby amaganiza za Springboks kapena Lions pa Ellis Park. Imeneyo ndi rugby union, ya osewera 15. Palinso ina ya osewera 13 yotchedwa rugby league, imene imaseweredwa pa mabwalo ang'onoang'ono, kopanda makamera a wailesi yakanema, ndipo mbiri yake ikutha tsiku ndi tsiku chifukwa palibe akuilemba. Ngati mwana wanu, mlamu wanu kapena inu nomwe mumasewera mu ligi ya m'dera lino, ntchito yosunga mbiriyo mutha kuigwira ndi foni, kope limodzi ndi kuleza mtima.

Yambani ndi kudziwa mafupa a nkhaniyi, kuti chilichonse chimene mwatola muzidziwa pochikoleka. Masewerowa anabadwa pa 29 Ogasiti 1895 mu George Hotel ku Huddersfield, kumpoto kwa England, pamene makalabu 22 anachoka m'bungwe la rugby union. Mkangano unali wa ndalama: osewera ambiri anali antchito a m'migodi ndi m'mafakitale, ndipo ankafuna kubwezeredwa malipiro a tsiku limene ajomba kuntchito chifukwa cha mpira. Mu 1906 anachepetsa osewera kufika pa 13. Kuno ku South Africa, matimu a Great Britain ndi France anadzasewera masewero achionetsero mu 1957, ndipo mu 1963 timu ya dziko lino inapita ku Australia ndi ku New Zealand. Kenaka masewerowa anazilala kwa zaka zambiri, mpaka anadzatsitsimukanso ndipo timu ya dziko, ya Rhinos, inasewera mu World Cup ya 1995 ndi ya 2000. Mpikisano wa makalabu umene mudzaumve kwambiri ndi Rhino Cup. Mpata wa pakatipo ndi wofunika: musalembe ngati ligi yayenda mosadukiza kuchokera m'ma 1960.

Musanatole kanthu, dulani malire. Lembani pa tsamba loyamba la kope lanu dzina la mpikisano, dera lake ndi zaka zimene mukufuna kufufuza. Zaka zisanu n'zokwanira poyamba. Amene amafuna kulemba zonse nthawi imodzi amathera pa nkhani za Tom van Vollenhoven, yemwe anachoka ku Springboks n'kupita ku St Helens, kalabu ya rugby league ya ku England, mu 1957 ndipo anagoletsa ma try (kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani) 392 kumeneko. Anali munthu wamkulu ndithu, koma mbiri yake inalembedwa kale ku England. Imene ikusowa ndi ya timu ya ku East Rand imene inkabwereka bwalo la sukulu Loweruka masana.

Chida chachikulu ndi tebulo, kaya m'kope kaya pa kompyuta. Masewero aliwonse akhale ndi mzere wawo, wokhala ndi zigawo zisanu ndi ziwiri: tsiku, bwalo, timu yapakhomo, timu yoyendera, zigoli, ndime ya mpikisano, ndi kumene mwazipeza. Gawo lotsirizalo musalisiye chopanda kanthu ngakhale kamodzi. Pakatha miyezi itatu simudzakumbukiranso ngati zigolizo munaziona m'nyuzipepala kapena anakuuzani madala ena pa braai. Zigoli muzizikhulupirira pokhapokha zapezeka m'malo awiri osadalirana. Zimene zili ndi umboni umodzi zilembeni ndi pensulo.

Apa ndiye pagona ntchito yeniyeni, chifukwa rugby ziwirizi zimasokonezana kwambiri m'mapepala akale. Makalabu ambiri a league amabwereka mabwalo a union, osewera ake ndi omwewo, nthawi zina ngakhale yunifomu ndi yomweyo. Chithunzi mukachipeza, werengani anthu. Scrum (pamene osewera amawerama atagwirana n'kumakankhana polimbirana mpira) ya league imakhala ndi anthu asanu ndi mmodzi mbali iliyonse, ya union asanu ndi atatu. Mukaona osewera akunyamulana m'mwamba kulimbirana mpira woponyedwa kuchokera kunja kwa mzere, imeneyo ndi union, chifukwa league inasiya zimenezo kalekale mu 1897. Manambala a pamsana amathandizanso: hooker (wa pakati pa mzere wakutsogolo wa scrum) wa league amavala 9, pamene wa union amavala 2. Mndandanda wa osewera ukakhala ndi mayina 17, kawirikawiri ndi wa league, 13 oyamba ndi anayi olowa m'malo.

Zigoli nazo muziziwerenga ndi malamulo a nthawi yake. Lero try ya league ndi mapointi 4, kumenya mpira pakati pa mitengo pambuyo pa try ndi 2, penate ndi 2, drop goal (kudunditsa mpira pansi n'kuumenya pakati pa mitengo masewero ali mkati) ndi 1. Koma try inali 3 mpaka 1983, ndipo drop goal inali 2 mpaka 1971. Taonani chitsanzo ichi. Mu 1963 South Africa inagonjetsa New Zealand 4-3 pa Carlaw Park ku Auckland. Wowerenga ndi malamulo a lero anganene kuti South Africa inagoletsa try imodzi. Ayi. Nthawi imeneyo 4 sakanabwera mwanjira ina koma kumenya kawiri pakati pa mitengo, ndipo 3 wa New Zealand ndiye anali try. Ndiye kuti opambanawo sanadutse mzere n'komwe. Cholakwa chonga ichi chikalowa m'mbiri, onse obwera pambuyo amangochikopera.

Kopeza zinthu kumadalira zaka. Za m'ma 1960 zili m'nyuzipepala monga Rand Daily Mail, imene inatsekedwa mu 1985, The Star, ndi za Chiafrikaans monga Die Transvaler ndi Die Vaderland. National Library of South Africa ku Pretoria imasunga nyuzipepala za m'dziko muno. Imbani foni kaye musanakwere Gautrain, muwauze dzina la nyuzipepala ndi miyezi imene mukufuna. Yang'anani za Lolemba, chifukwa za masewero a Loweruka zimatuluka tsiku limenelo, nthawi zambiri kakang'ono m'munsi mwa tsamba lomaliza. Za zaka zaposachedwa zili m'nyuzipepala zaulere za m'madera, monga Brakpan Herald ndi Benoni City Times, komanso pa masamba a Facebook a makalabu. Masamba amenewa amasowa mwadzidzidzi kalabu ikatha kapena wouyendetsa akataya foni, choncho jambulani chilichonse lero lomwe, tsiku lake likuoneka. Tsamba la pa intaneti likafa, yesani dzina lake pa Wayback Machine, tsamba losunga makope a masamba akale a pa intaneti.

Koma chuma chenicheni chili ndi anthu. Mlembi wakale wa kalabu, oyimbira, mayi amene ankachapa yunifomu, woyendetsa takisi amene ankanyamula timu: awa ndiwo amadziwa chifukwa chimene timu ina inasiyira pakati pa chaka. Yambani ndi achikulire. Pitani kwawo, osati kukumana ku shopu kwaphokoso, ndipo muwatchule monga amatchulidwira kwawoko, kaya Oom, Ntate kapena Baba. Pemphani chilolezo chojambula mawu, ndipo chilolezocho chimveke kumayambiriro kwa zojambulazo pamodzi ndi tsiku. Dziko lino lili ndi lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, ndiye manambala a foni ndi a ziphaso amene ali pa mafomu olembetsera osewera musawaike poyera. Foni iikeni patebulo, pafupi ndi pakamwa pawo, mutazimitsa wailesi. Ola limodzi limadya pafupifupi 60 MB basi. Musapitirire ola, munthu wamkulu amatopa ndipo amayamba kungovomera zilizonse.

Mafunso akhale otseguka. Mukafunsa kuti "Munapambana chikho chaka chakuti, eti?" adzangoti inde. Funsani kuti ulendo wa ku fainolo unayamba bwanji m'mawa umenewo, anakwera chiyani, anadya kuti. Chaka asachinene ndi mutu, chimangirireni ku chinthu china: mwana anali atabadwa kapena ayi, World Cup ya mpira wamiyendo ya 2010 inali itachitika kapena isanachitike. Anthu awiri akasiyana mawu, lembani zonse ziwiri ndi mayina a amene ananena. Kuona maso a nkhono n'kudekha, wachitatu amadzapezeka.

Mapepala obwereka muwasamale koposa anu. Ajambuleni ndi makina a sikana pa 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi), zithunzi pa 600 dpi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, poti kumbuyo n'kumene kumalembedwa mayina. Musawamate ndi selotepi, ndipo musawakute ndi pulasitiki wa pamakina otentha, chifukwa pepala silidzatulukamonso. Potumizirana pa WhatsApp, tumizani ngati document, apo ayi chithunzi chimafinyidwa ndipo nkhope sizidziwikanso mukachikuza. Dzina la failo lililonse liyambe ndi chaka, mwezi, tsiku, kenaka matimu. Sungani malo atatu, amodzi akhale kunja kwa nyumba yanu. Tonse tikudziwa momwe kusamuka kwa ku Joni kumadyera katundu.

Mukamaliza chaka chimodzi, yesani tebulo lanu ndi masamu. Masewero onse opambana afanane ndi onse ogonja, ndipo mapointi onse ogoletsa afanane ndi onse ogoletsedwa. Zikapanda kufanana, pali pamene mwaphonya polemba kapena pophatikiza. Onetsetsaninso ngati pali masewero amene akusowa, kapena timu ina inapatsidwa chipambano chaulere anzawo atalephera kubwera, kapena ina inalandidwa mapointi chifukwa choseweretsa munthu wosalembetsa. Fufuzaninso matimu osintha mayina ndi ophatikizana, kuti timu imodzi musaiwerenge kawiri. Chaka chimenecho chikakhala bwino, chisindikizeni pa masamba awiri kapena atatu, mupereke kope kwa aliyense amene munacheza naye, ndi cholembera chofiira choti akonzere pamene mwaphonya.